Tisiye kulumpha mutu wa nyukiliyasi

Aphunzitsi anzanga, pali chizolowezi choipa chimene tazika mizu nacho. Mutu wa radioactivity uli kumapeto kwa silabasi ya Fomu 4, ndiye mayeso a MANEB akayandikira timangouthamangira, ena kuusiyiratu. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Mwana wa ku Wenya adzapita nazo kuti za nyukiliyasi? Labu tilibe." Ine ndikukana. Uwu ndi ulesi wovala tayi basi.

Tamvani izi. Mu 1952, ku Warsaw, mzinda umene nkhondo inali itangouphwasula, Marian Danysz ndi Jerzy Pniewski anapeza hypernucleus yoyamba. Anagwiritsa ntchito chiyani? Mbale ya mankhwala ojambulira zithunzi imene inakwezedwa kumwamba ndi baluni, kenako maikulosikopu ndi maso awo. Anaona nyukiliyasi yachilendo: kuwonjezera pa ma proton ndi ma neutron, inali ndi kanthu kena kotchedwa lambda.

Masiku ano akatswiri amapanga ma hypernucleus powombanitsa ma nyukiliyasi olemera pa liwiro loyandikira la kuwala. Ku CERN amawombanitsa a mtovu wa lead. Kochepetsetsa, hypertriton, ndi proton imodzi, neutron imodzi ndi lambda imodzi, ndipo sikatha ngakhale gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi kasanasweke. Gulu la STAR ku Brookhaven, ku America, linalengeza antihypertriton mu 2010 litawombanitsa ma nyukiliyasi a golide. Mu 2024 linalengeza antihyperhydrogen-4: pafupifupi 16 yokha pa kuwombana 6 biliyoni! Kumeneko ndiye kuleza mtima.

Mukuti ndi za azungu? Nanga Kayelekera ali kuti? Ali pa Karonga pompa, m'mbali mwa msewu wobwera kuno ku Chitipa. Paladin inayamba kukumba yureniyamu mu 2009, n'kuimitsa mu 2014, ndipo Lotus Resources inatsegulanso mgodiwo mu 2025. Lamulo la mphamvu za atomiki tinakhazikitsa mu 2011. Adzayeze madzi a mumtsinje wa Sere ndani ngati ana athu sadziwa half-life? Tizidzangomva za mwini mgodi n'kumagwedeza mutu?

Half-life imaphunzitsika ndi zitsekerero za mabotolo 100: ponyani pansi, chotsani zogwa chagada, werengani zotsala, ponyaninso. Labu yake iti pamenepa?

Inu amene munadutsa m'manja mwathu, kafunseni ang'ono anu ngati mutuwu aphunzira. Ngati sanaphunzire, mutifunse ifeyo pamaso, osachita manyazi.