Za M'maiko Ena: Sitima Zankhondo pa Madzi Olimbirana

Inu awerengi a ku Senga Bay, ku Chipoka ndi m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, mvuu mumaidziwa. Ikayasamula patsogolo pa bwato lanu sikuti ili ndi tulo ayi; ikukuonetsani mano kuti mudziwe mwini dziwe. Maiko akuluakulu nawonso amatero, koma mano awo ndi sitima zankhondo.

Kutali kum'mawa kuli nyanja yamchere yotchedwa South China Sea. Muli nsomba zambiri, pansi pake pali mafuta, ndiponso ndimo modzera sitima zamalonda. China akuti pafupifupi yonse ndi yake, koma Philippines, Vietnam, Malaysia ndi Brunei akuti nawonso ali ndi mbali zawo. Cha m'ma 2014 China anathira mchenga pa miyala ya pakati pa madzi napanga zilumba, namangapo mabwalo a ndege. Amereka alibe dera kumeneko, komabe amatumiza sitima zake kuti zidutse pafupi ndi zilumbazo, kunena kuti njira ndi ya aliyense. Mzinga saomba. Wina amangodutsa, mnzake namulondola pambuyo, onse akuonetsana mano.

Nanga wovutika ndani? Ndi msodzi monga inu. Mu 2012 sitima za China zinatchinga malo otchedwa Scarborough Shoal, kumene asodzi a ku Philippines ankapha nsomba kuyambira kale, ndipo ena anapirikitsidwa ndi madzi amphamvu a m'mipope. Mu 2016 bwalo la milandu ku The Hague linagamula kuti malire amene China anadzilembera alibe maziko m'malamulo. China anakana chigamulocho.

Musati izi n'za kutali zokha. Nyanja yathu yomweyi inaonapo zotere. Kale Angerezi anali ndi sitima yankhondo yotchedwa Gwendolen, ndipo Ajeremani, amene ankalamulira tsidya lija la Tanganyika, anali ndi yawo, Hermann von Wissmann. Kwa zaka zambiri zinkangopitana mwamtendere, akapitawo ake nkumamwera pamodzi. Koma mu August 1914, nkhondo itabuka ku Ulaya, Bwana Rhoades wa Gwendolen anapeza sitima ya Ajeremani ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero timati Liuli, naiombera. Mnzake Mjeremani anali asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo! Mwezi wotsatira anthu anafa pa nkhondo ya ku Karonga, ndipo pambuyo pake amuna ambirimbiri a m'midzi anatengedwa kukagwira tengatenga, minda nigonera. Mano oonetsana aja analuma anthu amene sanayambe ndewu.

Azungu omwewo ndiwo anatisiyira mlandu wa malire. Pangano la Heligoland la 1890 linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, ndiye chake Malawi amati madzi onse a kumpoto ndi ake. Tanzania amati malire adzere pakati pa nyanja. Nkhaniyi inatentha cha m'ma 1967, nizirala, nidzukanso mu 2012, boma litapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofunafuna mafuta mu 2011. Onani, nsomba ndi mafuta, monga ku Asia komwe. Mawu aukali anamveka, koma maboma awiriwa anasankha kukambirana, naitana atsogoleri opuma, Bambo Chissano, Bambo Mbeki ndi Bambo Mogae, kuti akhale amkhalapakati. Mlandu sunathe, komabe ife tikuti mlandu wogona pamphasa uposa woukambira pa mzinga.

Tsono dziwani ichi, chifukwa mphekesera zimathamanga koposa mwera: madzi a ku Salima sali m'mbali imene Tanzania akulimbira. Tsidya la Senga Bay ndi Makanjira wa ku Mangochi, dziko lathu lomwe. Koma chakumpoto pang'ono tsidyalo ndi la Mozambique, ndipo kumeneko malire adzera pakati pa madzi, monga anapanganira Angerezi ndi Apwitikizi mu 1954. Likoma ndi Chizumulu zokha zinatsala zathu. Inu eni chilimira amene mumalondola usipa usiku ndi nyali, chiphaso cha usodzi chisamachoke m'bwato, ndipo uzani alovi anu kuti asamaponye ukonde kupyola pakati pa nyanja kumeneko.