SUKULU YA PA INTANETI IFUNA AMISIRI AKEAKE

M'zaka zaposacedwapa zipata za masukulu m'dziko la Zambia zakhala zikutsekedwa pa nthawi imene ana anayenera kukhala m'makalasi. Pa 20 Marichi 2020 Boma linatseka masukulu onse, makoleji ndi mayunivesite cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo mu Januwale 2024 matenda a kolera anacedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu kufikira pa 12 Febuluwale. Kucokera pamenepo mau akuti kuphunzira pa intaneti sacoka pakamwa pa akuluakulu a zamaphunziro, ndipo makoleji ndi mayunivesite ambiri, a Boma ndi a eni ake omwe, akuitana anthu kuti alembetse maphunziro amene munthu angawacite ali kwao.

Nkhani imeneyi iwakhudza kwambiri anthu a m'boma la Chongwe, pakuti m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya muli Chalimbana, malo amene akhala akusula aphunzitsi kwa zaka zoposa 80. Sukulu ya Jeanes inasamutsidwira kumeneko kucokera ku Mazabuka mu 1939. Dziko litalandira ufulu, Chalimbana inakhala koleji yoonjezera nzeru za aphunzitsi amene ali kale pa nchito, yodziwika ndi dzina lakuti NISTCOL, ndipo m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata Boma linaikweza kuti ikhale yunivesite. Pakati pa ophunzira ake pali aphunzitsi ambiri amene sangathe kusiya makalasi ao. Iwowa amaphunzira ali kutali, nabwera ku Chalimbana pa nthawi ya chuthi kudzaonana ndi owaphunzitsa.

Kuphunzira munthu ali kutali si cinthu cacilendo m'dziko lino. Akuluakulu akumbukira koleji ya ku Luanshya imene inali kutumiza maphunziro pa positi, ndipo ambiri anamverako maphunziro a pa wailesi a Taonga Market amene anayamba mu 2000. Cimene casintha ndi njira. Zimene kale zinali kuyenda m'thumba la positi ndi pa basi, lero ziyenda m'lamya ya m'manja. Ofuna maphunzirowo nawonso aculuka. Boma linayambitsa maphunziro aulere mu Januwale 2022, ndipo m'caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Mphunzitsi amene ali ndi dipuloma lero adzafuna digiri mawa, ndipo adzaifuna osacoka pa sukulu pamene atumikira. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kuculuka kwa ophunzira kumadza ndi katundu wake, ndipo katunduyo amagwera pa mapewa a anthu amene dzina lao silimveka pa tsiku lopereka madigiri.

Anthu osaoneka

Denga la sukulu ya njerwa likadontha, mudzi wonse umaona, ndipo makolo amasonkhana kuti alikonze. Sukulu ya pa intaneti ilibe denga looneka. Zipupa zake ndi makina: kompyuta yaikulu yosungiramo maphunziro ndi maina a ophunzira, imene amisiri amaicha seva; pulogramu imene ophunzira amalowamo kuti awerenge ndi kutumiza nchito zao; netiweki; ndiponso magetsi. Cimodzi mwa zimenezi cikaima, sukulu yatsekedwa tsiku limenelo, ngakhale aphunzitsi onse ali m'maofesi ao.

Amene amasamala zipupa zimenezi ndi kagulu ka amisiri a makompyuta. Wina ayang'anira seva, wina alemba ndi kukonza mapulogramu, wina asamala nthambo ndi makina a netiweki, ndipo wina ayankha ophunzira amene aiwala nambala yao yacinsinsi kapena amene nchito yao yakana kupita. Pamwamba pao pali mtsogoleri, amene m'cinenero ca pa nchito angachedwe kapitao wa amisiri. Sukulu ikali yaing'ono, munthu mmodzi kapena awiri amatha kugwira zonsezi. Ikayamba kukula, akuluakulu a sukuluyo amafika pa mphambano ya njira ziwiri: kulemba amisiri aoao ndi kuwalera, kapena kupereka nchito yonse m'manja mwa kampani yakunja.

Njira yaciwiriyo ili ndi ubwino wake. Kampani imabwera ndi zida zokonzeka kale ndi anthu ozolowera, motero sukulu imayamba msanga. Koma kawirikawiri malipiro ake amawerengedwa m'madola. Dola imodzi imene inali kugulidwa pafupifupi K10 mu 2017 inapitirira K25 mu 2024, ndipo sukulu imene inapangana za madola inaona mtengo ukukwera popanda coonjezeka ciliconse. Ndiponso cinthu cikaonongeka usiku wakuti mawa ndi mayeso, wokonza ali kutsidya la nyanja, ndipo sadziwa kuti ku Chongwe magetsi azima nthawi yanji. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Palibe sukulu imene ingapange zonse yokha, ndipo zina ziyenera kugulidwa ndithu. Koma wosankha zogula, woyesa ngati zigwira nchito, ndi wosunga makiyi ayenera kukhala wa pakhomo.

Mbiri ya dziko lino icitira umboni zimenezi. Intaneti inalowa m'Zambia mu 1994 kudzera mwa amisiri a pa Computer Centre ya yunivesite ya UNZA, motsogozedwa ndi a Mark Bennett. Iwo anayamba ndi makalata a pa kompyuta oyenda pa nthambo za lamya, kenaka nakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo Zambia inakhala limodzi la maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. A Bennett omwewo pambuyo pake anayambitsa iSchool, imene inaika maphunziro a ku pulaimale m'kacipangizo kochedwa ZEduPad, m'Cingelezi ndi m'zinenero za m'dziko muno kuphatikizapo Cinyanja, ndipo kanali kugwira nchito ngakhale kopanda netiweki. Anthu odziwa dziko lao ndiwo anaganiza zimenezo.

Nchito ya kapitao

Ambiri amayesa kuti mtsogoleri wa amisiri ayenera kukhala amene adziwa makompyuta koposa anzake onse. Nzeru za makina zifunikadi, koma nchito yake yoyamba ndi kudziwa wophunzira. Wophunzira wa sukulu yonga Chalimbana kawirikawiri ndi mphunzitsi wa kumudzi amene ali ndi lamya yotsika mtengo, amagula mabandulo pang'onopang'ono kucokera m'malipiro ake, ndipo nthawi zina amakwera pa culu kuti apeze netiweki. Kapitao wanzeru amalamula kuti phunziro lililonse liyesedwe pa lamya yotere lisanatumizidwe. Amasankha mau olembedwa ndi mau ojambulidwa m'malo mwa makanema akuluakulu amene amadya mabandulo, ndipo amaonetsetsa kuti phunziro lingakopedwe kamodzi ndi kuwerengedwa pambuyo pake popanda netiweki. Starlink, imene ipereka intaneti kucokera ku masetilaiti, inafika m'Zambia mu Okutobala 2023, koma mtengo wa zida zake si wa mphunzitsi mmodzi payekha.

Zida zothandiza pa nchitoyi zilipo. Pulogramu ya Moodle, imene mayunivesite ambiri pa dziko lapansi amaphunzitsira, inatuluka mu 2002 ndipo siigulidwa. Anailemba ndi a Martin Dougiamas a ku Australia, amene ali mwana anakulira m'cipululu naphunzira kudzera pa wailesi cifukwa sukulu inali kutali. Komabe cinthu caulere cili ngati ng'ombe yopatsidwa: ifuna mbusa, khola ndi dibi. Popanda amisiri oisamala tsiku ndi tsiku, pulogramu yaulere imafa.

Nchito yaciwiri ndi kukonzekera masiku oipa. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, kampani ya ZESCO inayamba kuzima magetsi maola 8 pa tsiku mu Marichi, ndipo pofika Sepitembala madera ambiri anali kuona magetsi maola atatu okha. Seva yopanda mabatire, sola kapena jeneleta pa nthawi yotere ndi bokosi cabe. Phunziro longa limeneli linaonekanso mu 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso ogwiritsa nchito makompyuta, ndipo m'masukulu ena analemba kufikira usiku cifukwa makompyuta anali ocepa ndi magetsi anali kuzima. Kapitao ayeneranso kuwerengera masiku a piringupiringu, monga tsiku lolembetsa ndi tsiku lotuluka zotsatira za mayeso, pamene ophunzira onse amalowa pa khomo limodzi nthawi imodzi. Mlatho umayesedwa ndi madzi a mu Febuluwale, osati a mu Okutobala.

Nchito yacitatu ndi kuima pakati pa magulu awiri amene salankhula cinenero cimodzi. Aphunzitsi a pa yunivesite adziwa cimene afuna kuphunzitsa, koma ena a iwo anaphunzira nchito yao pa bolodi ndi coko. Amisiri adziwa makina, koma sanaimepo pamaso pa kalasi. Kapitao amamasulira zofuna za gulu lina kwa linzake, ndipo amapatula nthawi yophunzitsa aphunzitsiwo moleza mtima. Ayeneranso kukhala ndi mtima wokana. Mkulu wa sukulu akaona cipangizo catsopano ku msonkhano nafuna kuti cigulidwe mawa lomwe, kapitao ndiye ayenera kunena mwaulemu kuti ndalamazo zingathandize koposa zikagula mabatire kapena zikalipira mmisiri wina. Cifukwa cace malo ake ndi pa bwalo pamene akuluakulu agawa ndalama, osati m'kacipinda ka kumbuyo kumene amaitanidwa makina akafa basi.

Nchito yacinai, imene ili yobvuta koposa, ndi kusunga anthu ake. Chongwe ili pa mtunda wa makilomita ngati 45 kucokera ku Lusaka, kumene mabanki ndi makampani a malamya amafuna amisiri omwewo, ndipo lero mmisiri waluso angathe kugwirira nchito kampani ya ku Ulaya ali m'nyumba mwake. Sukulu siingapikisane nao pa malipiro nthawi zonse, koma ingapereke maphunziro oonjezera, njira yokwerera pa udindo, ndi ulemu. Kapitao wabwino salola kuti cinsinsi ca makina cikhale m'mutu mwa munthu mmodzi. Amalamula kuti zonse zilembedwe, kuti nchito iliyonse aidziwe anthu awiri, ndiponso amatenga acinyamata ophunzira za makompyuta kuti azolowere nchito pafupi ndi akuluakulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo sukulu imene makiyi ake onse ali ndi munthu mmodzi idzalira tsiku limene munthuyo adzatsazika.

Pomaliza pali kusunga mbiri ya ophunzira. M'seva muli maina, manambala a ziphaso, malipiro ndi zotsatira za mayeso. Zimenezi zikatayika, zaka zinai za khama la munthu zapita; zikasinthidwa ndi wakuba, digiri ya sukulu yonse yataya ulemu. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 linaika udindo pa bungwe lililonse losunga mbiri ya anthu kuti liiteteze. Monga mlimi wanzeru saika mbeu yake yonse m'nkhokwe imodzi, amisiri ayenera kusunga kope lina la zonse pa malo ena, ndi kuyesa kawirikawiri ngati kopelo lingatsegulidwe.

Zofunsa asanalipire

Masukulu sayenera kusenza katunduyu aliyense payekha. Bungwe la ZAMREN, limene linayamba nchito mu 2012, linakhazikitsidwa kuti mayunivesite ndi makoleji agule intaneti pamodzi pa mtengo wotsika, ndi kuti amisiri ao aphunzitsane. Cimene cikhalira akuluakulu oyendetsa masukulu ndi kuika malipiro ndi maphunziro a amisiri m'ndondomeko ya ndalama caka ndi caka, monga momwe acitira ndi aphunzitsi. Makompyuta operekedwa ngati mphatso amakondweretsa pa tsiku lowalandira, koma pakapita zaka zowerengeka amakalamba, ndipo cimene cimatsala ndi luso la anthu.

Naye mphunzitsi wa ku Kanakantapa kapena mlimi wa ku Kasisi amene afuna kugulitsa matumba a cimanga kuti mwana wake aphunzire pa intaneti ali ndi mafunso oyenera kufunsa asanatulutse ndalama. Afunse ngati sukuluyo ndi maphunziro ake zili zobvomerezedwa ndi bungwe la Higher Education Authority. Afunse ngati maphunzirowo atseguka pa lamya wamba, ndi ngati angawerengedwe netiweki itacoka. Afunse amene amayankha makina akakana, ndi kuti munthuyo apezeka kuti ndipo pa maola ati. Afunsenso cimene cicitika kwa wophunzira amene magetsi amuzimira ali pakati pa mayeso. Sukulu imene ili ndi amisiri akeake ndi kapitao wodziwa nchito idzayankha mafunso amenewa mosacedwa. Imene idzayamba kuzungulirazungulira, ndi bwino kuti cimangaco ciyambe cakhala m'nkhokwe.