Tchuthi cha Disembala: mudzi wa ana athu ndi Harare

Sukulu zikatsekera mu Disembala, anansi athu kuno ku Waterfalls amamanga katundu kupita kumidzi kwawo. Nanga ife amene agogo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito, tilowere kuti? Ulendo wa ku Dedza kapena ku Mangochi umalira pasipoti ndi ndalama zambiri. Motero ambirife timangotsekera ana mumpanda, ngati kuti Harare si kwawo.

Mzindawu ndiwo mudzi wawo, ndipo ayenera kuudziwa. Kwerani nawo kombi m'mamawa, mvula ya masana isanayambe. Yambirani pa Kopje, kaphiri koonerapo mzinda, ndipo mwana aloze yekha kumene kuli kwawo. Pa Eastgate, nyumba imene inatsegulidwa mu 1996, muuzeni kuti Mick Pearce poijambula anatengera nzeru ku chulu cha chiswe kuti m'kati muzizizira. Wotopa akapume pa kapinga ku Harare Gardens. Wofuna mbidzi ndi nyamalikiti akazipeza ku Mukuvisi Woodlands.

Koma ku Mbare musakulambalale. Ambiri amaopa piringupiringu wa pa Musika ndi opisa m'matumba, ndipo n'zoona, wamng'ono ngofunika kum'gwira dzanja kolimba. Komabe m'mahositelo a Matapi ndimo munkagona amuna obwera kudzagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda, ena ochokera kwathu, mothithikana, akazi ndi ana ali kutali. Mwana aone makoma amenewo, amve kuti agogo ake anayambira pati.

Madzi akumwa munyamule owiritsa kuchokera kunyumba, pakuti kolera wa mu 2008 anatenga anthu ambiri mumzinda uno.