Veyron Ithamange, Vitz Ifike

Akuluakulu amati kuthamanga sikufika. Ankanena izi akuyenda wapansi, koma mwambiwu ukukhalira bwino magalimoto awiri amene anatuluka chaka chimodzi, cha 2005.

Yoyamba ndi Bugatti Veyron, yopangidwa ku Molsheim m'dziko la France. Injini yake ili ndi masilinda 16 ndipo imatulutsa horsepower 1,001. Ikanyamuka, pamasekondi awiri ndi theka imakhala itafika kale pa makilomita 100 pa ola, ndipo imatha kufika 407. Amene anaipanga ndi akatswiri oyenera kuwagwadira, chifukwa kuziziritsa galimoto yotere kunafunika marediyeta khumi. Mtengo wake unaposa mayuro 1 miliyoni, ndipo pofika 2015 anali atapanga 450 zokha.

Koma liwirolo lili ndi malamulo ake. Woyendetsa amayamba waima, n'kutsegula ndi kiyi wachiwiri, galimoto n'kutsika mpaka kutsala masentimita osakwana asanu ndi awiri kuti mimba ikhudze phula. Akaiponda mpaka pansi, thanki ya malita 100 imauma pamphindi pafupifupi 12. Mipando ndi iwiri basi. Msewu wolola zimenezi ndi wosowa. Kampani ya Volkswagen, mwini wake wa Bugatti panthawiyo, inkayesera galimotoyi pa bwalo lake la Ehra-Lessien ku Germany.

Chaka chomwecho cha 2005 Toyota inatulutsa Vitz ya mtundu wachiwiri ku Japan: masilinda atatu, injini ya lita imodzi, thanki ya malita 42, mipando isanu. Zina mwa izo zitakalamba kwawoko zinakwera sitima kupita ku doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Lero zikutumikira mabanja ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Zomba. Kagalimoto kameneka kamakwera mahampu, kamazemba maenje, kamatenga ana kusukulu m'mawa, usiku n'kuthamangitsa mayi woyembekezera kuchipatala. Kakadwala, makaniko wa pansi pa mtengo amakadziwa bwino, ndipo masipeya amapezeka ku Ndirande. Masiku amene mizere ya petulo inkatalika pamafilingisiteshoni, malita khumi ankamuyendetsa mwini Vitz masiku angapo.

Chomvetsa chisoni n'choti achinyamata ena amachita nako manyazi kagalimoto kotere, ena n'kumakathamangitsa pa M1 ngati ali pa mpikisano. Amaiwala kuti mabuleki ndi matayala a Veyron anapangidwira liwiro lakelo, pamene a Vitz anapangidwira ulendo wa kuntchito ndi kumsika. Chikomekome cha mkuyu chapha ambiri pamsewu.

Veyron ndi yokasilira pa chithunzi. Kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi, wokhala ndi banja ndi mudzi womudikira, Vitz yakale ndiyo galimoto yabwino. Amene ali nayo aisinthire oyilo pa nthawi yake, aigulire matayala abwino, ndipo aiyendetse pa liwiro limene inapangidwira.