Kasawala wa ku Limbe wandikumbutsa za kumadzi oundana

Loweruka lapitali ndinapita ku Limbe kukagula makope, ndipo ndisanakwere minibasi yobwerera kumudzi ndinadzera kumsika wa nsomba. Chambo chimene mayi wina ankanditsatsa sichinkadzaza n'chikhatho chomwe. Kasawala weniweni, woti sanaswepo n'kamodzi komwe. Ndisaname, ndinagula ndithu, poti kunyumba kunalibe ndiwo.

Ndili m'minibasimo ndinakumbukira nkhani imene ndimakonda kuuza ana anga a Fomu 3, ya nyama yotchedwa seal. Ndi nyama yoyamwitsa ya m'nyanja yamchere, yofananako ndi katumbu koma yaikulu kwambiri. Pachilumba cha South Georgia, kufupi ndi Antarctica kumene madzi amaundana, nyamazi zinali mbwee. James Cook atafikako mu 1775 n'kukafotokoza kwawo, alenje a ku Britain ndi America anakhamukirako kufuna zikopa. Pofika 1822 anali atasenda zikopa zoposa 1 miliyoni. Yaikazi imabereka mwana mmodzi yekha pachaka, ndiye tangoganizani. Anthu anayesa kuti zatha psiti.

M'zaka za m'ma 1930 kagulu kochepa kanapezeka pa Bird Island, pafupi pomwepo. Popeza panalibenso wozisaka, zinaswana mpaka kufika mamiliyoni. Ndikafika apa ana amasekerera, koma nkhani sithera pamenepo. Masiku ano zikuchepanso popanda wozipha. Chakudya chake, tinyama ta m'madzi totchedwa krill, chikusowa pamene nyanja ikutentha, ndipo mayi wanjala salera mwana.

Chambo chathu mavuto awiriwa achigwera nthawi imodzi, kuphedwa mopyola muyeso ndi kuwonongeka kwa malo ake. Ku nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankapha matani masauzande pachaka, koma pofika m'ma 1990 chinali chitachepa kwambiri. Makoka a maso ang'onoang'ono ankakokolola ana pamodzi ndi udzu wa pansi pamadzi momwe anawo amabisala. Paja chambo chachikazi chimasunga ana m'kamwa, ndiye ukachigwira wapha mbumba yonse.

Boma limaletsa makoka pa nyanja ya Malawi mu Novembala ndi Disembala, ndipo pachilumba cha Mbenji ku Salima a Mfumu Makanjira amatseka nthawi yotalikirapo. Koma kasawala akufikabe ku Limbe, ndipo ogula ake ndife tomwe. Amene ndinagula uja tinadyera nsima usiku womwewo, ndipo sanawakwane n'ana omwe.