Pempho Lathu: Munthu Akamachepetsa Thupi, Musamuyese Wodwala



Ife amene tikulemba pempholi ndife anthu wamba a mumzinda wa Blantyre. Ena a inu mwina munationapo m'mamawa tikuyenda chandawala m'mbali mwa msewu dzuwa lisanatuluke, ena titavala nsapato zapakaunjika, ena titamanga zitenje m'chiuno. Pakati pathu pali aphunzitsi, amayi ogulitsa mumsika, madalaivala a minibasi ndi anthu opuma pantchito. Ambirife tinadziwana pabenchi yakuchipatala tikudikira kuyezedwa BP ndi shuga, ndipo tonse tinauzidwa chimodzimodzi kuti thupi lichepe. Tinayamba. Tinkayesa kuti chidzatigonjetse ndi njala kapena chitunda cha ku Soche, koma chimene chafooketsa anzathu ambiri ndi pakamwa pa anthu.

Mmodzi wa ife, mayi wa ana anayi, anatsika makilogalamu angapo m'miyezi isanu ndi itatu. BP inatsika, mawondo anasiya kuphwanya, anayambanso kugwada bwinobwino pochapa. Koma kutchalitchi anthu anayamba kunong'onezana. Apongozi ake anatuma munthu kudzafunsa ngati banja likuyenda bwino. Mnzake wina anamukokera pambali n'kumuuza kuti, "Asisi, musabise, masiku anotu mankhwala alipo." Amuna ake, omwe poyamba ankamulimbikitsa, anayamba kudandaula kuti anthu aziti akulephera kudyetsa mkazi. Mayiyo anasiya kubwera m'mawa. Lero thupi lonse lija linabwerera, ndipo mapiritsi a BP anamuwonjezera.

Sitikunyoza amene amanong'onawo, chifukwa tikudziwa kumene mantha awo anachokera. Agogo athu anaona njala ya 1949, ife tinaona ya 2002. Tinaonanso zaka zija anthu ankangotha ndi kaliwondewonde, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Pa nthawi imeneyo munthu akayamba kuwonda, abale ankayamba kuganiza za maliro. N'chifukwa chake mpaka lero kuuza munthu kuti "koma ndiye mwanenepatu!" ndi moni waulemu, ndipo bambo akatulutsa mimba timati ndi bwana, zinthu zikumuyendera. Mkazi akakwatiwa n'kukhala chaka osanenepa, akuchikazi amayamba kufunsa mafunso.

Koma nthawi inasintha, matenda nawonso anasintha. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya boma yowerengera anthu ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyezo. Kafukufuku wina amene anachitika ku Area 25 mu Lilongwe ndi ku Karonga anapeza kuti m'tauni amayi 44 mwa 100 alionse anali otero, pomwe abambo anali 18. Ngakhale kumudzi, amayi oposa mmodzi mwa anayi anali onenepa mopitirira muyezo. Ndipo kale mu 2009 zinadziwika kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'dziko muno ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Awa ndiwo anthu amene timamva kuti angokomoka kuntchito, afa ziwalo mbali imodzi, adulidwa mwendo, kapena akudikira makina osefa magazi ku Queens ndi ku Kamuzu Central chifukwa impso zasiya kugwira ntchito. Kumaliro timati zachitika mwadzidzidzi, ena n'kuyamba kuloza zala nkhalamba zakumudzi, chonsecho matendawo anakhala akukula m'thupi zaka khumi tikuwaombera m'manja.

Kudziwa ngati thupi lapitirira sikulira ndalama. Kuchipatala amatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita, kawiri. Munthu wotalika mita 1.6 wolemera makilogalamu 80 amapeza 31. Kuyambira 25 ndiye kuti mwapitirira, kuyambira 30 ndiye kuti zafika poopsa, ndipo kuchepera 18.5 ndiye kuti mwawonda kwambiri. Koma ife timakonda njira ya chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati inuyo, chipindeni pakati, muzungulize pamimba chapamchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mafuta apamimba achuluka. Mafuta amenewo ndiwo oipitsitsa, chifukwa amakuta chiwindi ndi matumbo n'kuchititsa thupi kulephera kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi. Abambo ambiri amiyendo yowonda koma mimba kutsogolo amadziyesa otetezeka. Chingwe sichinama.

Nkhani yabwino ndi yakuti simufunika kubwerera pathupi la usinkhu wa kusekondale. Ku America, kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatsata anthu amene anali pafupi kudwala shuga. Amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi pafupifupi magawo 7 pa 100 komanso kuyenda mphindi 150 pa sabata, mwayi wawo wodwala shuga unatsika ndi magawo 58 pa 100, kuposa amene anapatsidwa mapiritsi. Kwa munthu wa makilogalamu 90, ndiye kuti makilogalamu 6 basi. Theka la kilogalamu pa sabata n'lokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono za chakudya. Pano ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa zimene amaona pa Facebook ndi mbale za zakudya zimene kuno zimapezeka m'masitolo akuluakulu okha. Ife sitinasiye nsima, ndipo sitikupempha aliyense kusiya nsima. Tinangochepetsa mitanda. Amene ankadya itatu akudya iwiri, amene ankadya iwiri akudya umodzi ndi theka, ndipo malo otsalawo m'mbale tikudzaza ndiwo zamasamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, therere. Ambiri tinabwerera ku mgaiwa, umene tinkaunyoza kuti ndi wa kusukulu yogonera ndi kundende, chifukwa gaga amene timataya pokonola ndiye amachititsa munthu kukhuta nthawi yaitali. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, usipa, matemba ndi mazira ndi ndiwo zomanga thupi zosafuna mafuta ambiri. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amatiphunzitsa kusikelo ya ana ndi omwewo amene munthu wamkulu akufunika, kungoti ife timadzaza mbale ndi gulu limodzi.

Mdani wamkulu kukhitchini ndi botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi yokha ili ndi mphamvu zokwana makalole pafupifupi 120, omwe munthu angafunike kuyenda pafupifupi theka la ola kuti awathe. Koma taonani mmene timathirira, mpaka mpiru kumasambira, ati kuti alendo aone kuti panyumba pano pali ndalama. Onjezani mandasi am'mawa, tchipisi chapachiwaya masana, zigege pobwera kuntchito ndi kanyenya wa Loweruka. Tikupempha ophika kuti aziyeza mafuta ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Nsinjiro nazo n'zabwino koma zili ndi mafuta, choncho ndiwo zotendera zisathiridwenso mafuta ena.

Mdani wina ndi shuga, makamaka wakumwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo limati kuchepera apo n'kwabwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chozizira chotsekemera lili ndi masupuni 7 kapena 8. Tiyi wathu wam'mawa uja timathira masupuni anayi m'kapu, thobwa nalo timalithira, ndiye pofika madzulo tadutsa kale muyezo tisanawerenge mabisiketi. Mowa nawo ulinso ndi mphamvu zambiri zimene thupi limasunga ngati mafuta, ndipo umayenda limodzi ndi nyama yootcha. Mchere, ngakhale sunenepetsa, umakweza BP: supuni yaing'ono imodzi patsiku, magalamu 5, ndiwo malire, kuphatikizapo umene uli kale m'nsomba zouma ndi timabuloko tokometsera ndiwo. Mbale yamchere ija ichoke patebulo.

Chimodzi tikukuchenjezani ndi mtima wonse. Pewani tiyi, ufa ndi mapiritsi amene akugulitsidwa pa WhatsApp ndi m'misewu ati ochepetsa mimba m'masiku asanu ndi awiri. Ambiri amangotsekula m'mimba kapena kukodzetsa, sikelo n'kutsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pomwepo. Mmodzi wa ife anagonekedwapo m'chipatala ndi kudontheza madzi chifukwa cha zoterezi. Malamba omanga pamimba nawo amangotulutsa thukuta. Kudzimana chakudya tsiku lonse n'kudzadya mitanda inayi usiku sikuthandizanso.

Za masewera olimbitsa thupi sitichulutsa mawu. Mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata, kuyenda mofulumira mpaka kupuma kusinthe koma mukutha kulankhula. Sizifuna jimu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, musiyeni wakabaza pamtunda umene mungayende, limani kadimba kuseri kwa nyumba, vinani. Tinene zoona, kuyenda kokha popanda kusintha mbale sikutsitsa sikelo kwenikweni, koma kumatsitsa BP ndi shuga ngakhale sikelo itakana, ndipo kumathandiza kuti thupi lochepalo lisabwerere. Amene muli ndi vuto la mtima, kapena mumamva kupweteka pachifuwa mukayenda, yambani mwaonana ndi dokotala.

Tisamvedwe molakwa. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapezanso kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira chifukwa chosowa zakudya zoyenera. M'nyumba imodzi mumatha kupezeka mayi wonenepa kwambiri ndi mwana wopinimbira, onse akudya nsima yambiri ndi ndiwo zochepa. Pempho lathu silikupita kwa ana, amayi oyembekezera, kapena mabanja amene akugona ndi njala. Ndiponso pali kuwonda kumene kuyenera kudetsa nkhawa. Munthu amene akutsika thupi asanasinthe kalikonse pakadyedwe, akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, akumva ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, athamangire kuchipatala, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, HIV, shuga kapena khansa. Kusiyana kwake n'koonekeratu: wochepetsa thupi mwadala amakhala ndi mphamvu kuposa kale, wodwala amafooka. Kwa anzathu amene akumwa ma ARV ndipo aona thupi likukwera, chonde musasiye mankhwala. Kambiranani ndi achipatala, ndipo bwerani tiziyendera limodzi.

Tsono tikupempha. Inu apongozi, alamu ndi anzathu akumpingo, munthu akakuuzani kuti akuchepetsa thupi, mukhulupirireni. Mlendo akakana mtanda wachitatu musamuyese wonyada kapena woopa kudyetsedwa mankhwala. Inu abambo, ulemu wanu sukhala pa kukula kwa thupi la akazi anu, ndipo mukamawaperekeza poyenda m'mawa anthu sadzafunsanso zambiri. Komanso musamaseke munthu wonenepa amene mwamuona akuthamanga pamsewu. Ena mwa ife anayamba kuyenda mdima usanathe chifukwa choopa kukuwizidwa ndi anyamata apasiteji, ndipo kunyoza sikunachepetsepo thupi la munthu, kumangomubweza m'nyumba.

Inu okonza misonkhano, maukwati ndi zinkhoswe, ikaniko madzi akumwa, nthochi, chinangwa kapena mbatata yophika pambali pa zokazinga zija. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, muli ndi anthu sabata iliyonse. Itanani azaumoyo abwere ndi sikelo ndi makina oyezera BP kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo amayi a m'mabungwe a mpingo akamaphunzitsana kuphika ayambe kutchula za mafuta ndi mchere. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse, ndi poyambira pabwino.

Kwa makhonsolo a mizinda yathu, tikudandaula za malo oyenda. Misewu yambiri ilibe njira ya oyenda pansi, ngalande zili zosavundikira, magetsi a m'misewu sayaka, ndipo amayi amaopa kutuluka m'mamawa chifukwa cha achifwamba ndi agalu osamangirira. Mabwalo amene tinkaseweramo tili ana akugawidwa mapuloti limodzi ndi limodzi. Otsalawo atetezedwe. Akuluakulu a sukulu nawonso alole anthu oyandikana nawo kuzungulira bwalo lampira ana asanafike.

Amene mukufuna kuyamba, musadikire kuti mutipeze ife. Gogodani kwa aneba awiri kapena atatu, mugwirizane ola ndi pokumana, mutengeko tochi ndi kandodo ka agalu. Lembani m'kope muyezo wa chingwe chija tsiku loyamba, mudzayezenso pakatha mwezi. Mayi tinamutchula uja tinapita kukacheza naye Lamlungu lapitali, apongozi ake ali pomwepo, ndipo tinawafotokozera zonsezi. Gogoyo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa ngati chingwecho tabwera nacho.