Mapanga awiri avumbwitsa: za alonda a sitima ku India

Amene adakwerapo sitima za usiku ku India amadziwa kuti unyolo ndi loko zimagulitsidwa pasiteshoni ngati mtedza. Munthu akangolowa m'bogi, asanafunse n'komwe kumene kuli chimbudzi, amayamba wagwada n'kumangirira chikwama chake ku chitsulo cha pansi pa mpando. Akatero ndiye amagona, kachikwama ka ndalama atatsamira. M'kanjira ka pakati mumadutsa munthu wa yunifolomu ya khaki, mfuti ili paphewa, koma unyolo uja palibe amaumasula. Eni dziko amadziwa chimene mlendo sadziwa.

Ndayamba ndi unyolo chifukwa masiku ano abale athu ambiri akupita ku India: ena kuchipatala, ena kuperekeza odwala, ena kusukulu, ena kukapikula katundu. Safunsa adadya phula, ana anga, ndiye tcherani khutu.

Tiyerekeze mayi wina wakwera sitima ku New Delhi, akulowera ku Chennai. Ndi ulendo wa makilomita oposa 2,100, kugona m'njira kawiri, kudzera ku Agra, Gwalior, Jhansi, Bhopal, Nagpur ndi Vijayawada. Tulo tamubera. Akudzidzimuka, chikwama cha pasipoti ndi foni palibe. Sakudziwa kuti chapita nthawi yanji, sakudziwanso kuti sitima inali pati. Akuthamangira kwa wa khaki uja, misozi ili chuchuchu. Wa khakiyo akhoza kumumvera chisoni, akhoza kuyenda m'mabogi kusuzumira pansi pa mipando, ndipo akapeza wakubayo akhoza kumugwira. Koma kutsegula mlandu, kuufufuza ndi kuufikitsa kukhoti, si zake. Mwini mlanduwo ndi wa khaki wina, amene ali pasiteshoni ina, pansi pa boma lina.

Njanji za ku India zili ndi alonda a mitundu itatu. Oyamba ndi Railway Protection Force, amene anthu amangoti RPF, ndipo ali pansi pa unduna wa za njanji wa boma lalikulu ku New Delhi. Achiwiri ndi Government Railway Police, kapena kuti GRP. Dzinalo lisakunyengeni: awa ndi nthambi ya apolisi a chigawo chilichonse, ndipo amamvera boma la chigawocho. Kuba, umbanda, kugwiririra, kupha munthu m'sitima kapena pasiteshoni, milandu yonseyi ndi yawo. Achitatu ndi apolisi wamba a m'dera limene njanji yadutsa, amene amayang'anira njanji ndi milatho kutali ndi siteshoni. Pa ulendo wa mayi uja, sitima ikachoka ku Delhi imaponda Haryana, Uttar Pradesh, kachidutswa ka Rajasthan, Madhya Pradesh, Maharashtra, Telangana, Andhra Pradesh ndi Tamil Nadu. Malire aliwonse amene yadumpha, mwini mlandu wasintha, pamene wakuba uja wangotsika pasiteshoni yoyamba n'kusowa.

Gwero lake lili m'malamulo oyendetsera dziko amene adayamba kugwira ntchito mu 1950. Malamulowo adapereka njanji kwa boma lalikulu, koma upolisi, kuphatikizapo wa panjanji, adaupereka kwa maboma a zigawo. Sitima ya uyu, mlandu wa uyo. A RPF adachokera kwa alonda wamba amene makampani a njanji ankalemba m'nthawi ya atsamunda kuti azilondera katundu. Lamulo la 1957 lidawakhazikitsa ngati gulu, la 1966 lidawapatsa mphamvu yofufuza ndi kuzenga milandu ya katundu wa njanji, ndipo mu 1985 adasanduka gulu lonyamula zida la boma lalikulu. Mpaka mu 2003 ndi pamene nyumba ya malamulo idawauza kuti muziteteza ndi anthu omwe, osati katundu yekha. Idawapatsanso timilandu ting'onoting'ono ta m'lamulo la njanji la 1989, monga kukoka unyolo woimitsa sitima popanda chifukwa, kugulitsa malonda popanda chilolezo, ndi mwamuna kulowa m'bogi ya amayi.

Apa ndiye pamandiseketsa, kuseka kwa chisoni. Munthu akapezeka ndi chitsulo cha njanji chimene akuganiziridwa kuti adaba, wa RPF amamugwira, kumufunsa, kulemba zonse, mpaka kukamuimika pamaso pa woweruza. Lamulo la 1966 limati wopezeka ndi katunduyo ndiye asonyeze kuti adamupeza m'njira yoyenera, ndipo chilango chikhoza kufika zaka 5. Khoti lalikulu la dzikolo lidagamulanso mu 1980 kuti wa RPF si wapolisi m'lingaliro la lamulo la umboni, kotero zimene munthu wavomera pamaso pake zikhoza kulandiridwa kukhoti, pamene kuvomera pamaso pa wapolisi sikulandiridwa. Ndiye kuti pa mlandu wa chitsulo, wa RPF ali ndi mano akuthwa kuposa wapolisi. Koma munthu yemweyo akaba ndalama za mayi wodwazika, wa RPF amangomugwira dzanja n'kumupereka kwa a GRP mosachedwa, iye n'kubwerera kukalondera zitsulo. Ndimadzifunsa kuti kodi chitsulo chidaposa munthu liti?

A GRP nawo musafulumire kuwanyoza. Ndalama zoyendetsera ntchito yawo amagawana pakati ndi pakati a njanji ndi boma la chigawo. Amene amalipira theka alibe mphamvu yowalamula, ndipo amene amawalamula ali ndi milandu yambirimbiri ya m'mizinda ndi m'midzi imene amaiona ngati yofunika kuposa chikwama cha munthu wongodutsa. Mwana woleredwa ndi makomo awiri amagona ndi njala, kuno akuti wadya uko, uko akuti wadya kuno. Boma lalikulu lidayesapo kupempha kuti a RPF apatsidwe mphamvu zonse za upolisi pa milandu ya apaulendo. Mu 2012 nduna zazikulu za zigawo zingapo zidakana kwamtuwagalu, zikuti uku n'kulanda mphamvu zimene malamulo oyendetsera dziko adazipatsa. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Nkhaniyo idathera m'mafayilo.

Tsono ine nkhalamba ndili mbali iti? Sindikudana ndi kugawana ntchito. Mutu umodzi susenza denga, ndipo njanji za makilomita oposa 60,000, zonyamula anthu pafupifupi 20 miliyoni pa tsiku, gulu limodzi silingazikwanitse. Mantha a zigawo nawonso si achabe. Wakuba wa m'sitima sakhala m'sitima, amakhala m'mudzi wa pafupi ndi njanji, ndipo womudziwa iyeyo, wodziwa amene amamugula mafoni, ndi wapolisi wa komweko. Kumuchotsa ameneyu n'kuika mlendo wochokera ku likulu, mlandu ungatsegulidwe msanga koma wakuba osapezeka.

Chimene ndikudana nacho n'kusenzetsa wolira ntchito yodziwa malire. Kumudzi kwathu milandu imagawidwanso: wa nkhuku umathera kwa ankhoswe, wa malire a munda kwa nyakwawa, wovuta kwa agulupu. Koma munthu akafika usiku pakhomo pa nyakwawa akukha magazi, samuuza kuti wasokera khomo. Amamukhazika pansi, kumumva, kenaka kutuma mnyamata kuti amuperekeze kwa mwini mlandu. Malire ndi a akuluakulu, azikambirana okha. Wobedwa asamayende ndi mapu m'manja kufufuza ngati adabedwa sitima isanadutse mlatho kapena itadutsa.

Usiku wa pa 26 Novembala 2008, zigawenga ziwiri zidalowa pasiteshoni ya Chhatrapati Shivaji ku Mumbai n'kupha anthu oposa 50. Wa RPF wina, Jillu Yadav, adalibe mfuti. Adatenga mfuti ya wapolisi wina n'kuombera zigawengazo, ndipo pambuyo pake adaziponyera mpando. Makamera a pasiteshoni adajambula zonsezo. Usiku umenewo adafa a RPF, adafanso a GRP, ndipo palibe adafunsa mnzake kuti mlanduwu ngwa yani. Ngati pa tsiku la zipolopolo adatha kuiwala malire, pa tsiku la chikwama chalephereka n'chiyani?

Tisanamize anthu, zina zasintha. Pali nambala imodzi, 139, imene wapaulendo amaimba ali m'sitima momwemo. Woona matikiti, gadi wa sitima kapena wa RPF amayenera kukhala ndi fomu yodandaulira, kuti munthu alembe ulendo uli m'kati osatsika panjira. Pali chimene amachitcha Zero FIR, kutanthauza kuti polisi iliyonse ilandire dandaulo ngakhale mlandu udachitikira kwina, kenaka iwutumize kwa eni ake, ndipo lamulo latsopano la kazengedwe ka milandu limene lidayamba pa 1 Julayi 2024 lidalemba zimenezi poyera. Papepala zakoma. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: fomu ikhoza kulandiridwa ku Nagpur n'kuyenda masabata isanafike pa tebulo la woifufuza ku Madhya Pradesh, ndipo pofika kumeneko wodandaula ali kale kwawo, mboni zidabalalika, zithunzi za makamera zidafufutika. Akuluakulu a magulu atatuwa akadamvana kuti amene wayamba kumva kulira ndiye asunge umboni ndi kuyankha wodandaula mpaka mnzake atavomera kuti waulandira mlandu, theka la madandaulo likadatha popanda kusintha chilembo chimodzi m'malamulo oyendetsera dziko.

Inu amene mukukonzekera ulendo wa kumeneko, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lembani papepala nambala ya sitima, ya bogi ndi ya mpando wanu. Pasipoti ikhale pathupi, osati m'chikwama chopachika. Bisiketi kapena tiyi wa munthu amene mwangodziwana naye m'bogi mukane mwaulemu, chifukwa akuba ena amagoneka anthu ndi mankhwala. Chikakuonekerani, imbani 139 nthawi yomweyo, itanitsani fomu kwa woona matikiti, ndipo musachoke pa ofesi ya GRP opanda kope la dandaulo lanu, chifukwa ku ofesi ya kazembe akalifuna musanapatsidwe chikalata chobwererera kunyumba. Unyolo uja gulani, ndi wotchipa.